Hologram yocheza pakati pa Mars ndi kumudzi, ndiilembe bwanji mu buku langa?

Kalembera92:

Moni nonse abale anga. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo masabata awiri tsopano, ndipo ndikudziwa kuti muno muli anthu oti za sayansi anachita kuyamwira, nde chonde mundithandize.

Ndikulemba buku la nkhani yopeka mChichewa, zochitika mchaka cha 2190. Muli mtsikana wina wa kwathu ku Dedza amene wapeza ntchito ku migodi ya ku Mars, kontirakiti ya zaka zisanu ndi chimodzi, wasiya mayi ake kumudzi pamodzi ndi kamwana kake ka zaka zinayi. Mmutu wachitatu ndinalemba kuti madzulo aliwonse akaweruka amayatsa kachipangizo kokhala ngati mbale yovindikira, nde mayi ake amatulukira pamwamba pake athunthu, atakhala pamphasa, chitenje chikuoneka mpaka maluwa ake, kamwana kali pamiyendo, nkumacheza ngati ali mchipinda chimodzi, kuseka limodzi, kudulana mawu mkamwa, mayi kumukalipira kuti iwe waonda bwanji sukudya kapena. Ine mutu umenewu ndimaukonda kwambiri moti polemba misozi inalengeza mmaso. Koma nditampatsa msuweni wanga amene anaphunzira za uinjiniya kuti awerenge, wangoti "achimwene izi sizingatheke, kuwala sikuthamanga choncho" basi nkukwera minibasi kumapita osandifotokozera.

Nde ndifunse, akutanthauza chani kwenikweni? Ine ndimaona ngati pofika 2190 netiweki idzakhala yamphamvu moti kuchedwa kwa mawu kuja timakuona tikamaimba pa WhatsApp kudzakhala kutatha. Komanso chithunzi choima chokha mmalere chija timachiona mmafilimu a nkhondo za mlengalenga, munthu wabuluu wonjenjemera pang'ono akupereka uthenga pa kathebulo, chilipo kale penapake kapena ndi zamfilimu basi? Ndipo kumapeto kwa bukuli ndimafuna chombo china chinyamuke kupita ku nyenyezi ina kutali, anthu ake azilankhulabe ndi kwawo. Sindikufuna kulemba zoti mwana wa fomu 3 adzandigwire bodza, koma sindikufunanso kutaya macheza a mayi ndi mwana aja chifukwa mtima wa nkhani yonse uli pamenepo.

Aphunzitsi_a_Fizikisi:

Achimwene, msuweni wanuyo sananame, anangolakwa kuthawa asanakumasulireni. Vuto lanu si netiweki ayi. Netiweki yathu ikamavuta ndi nkhani ya nsanja zochepa, anthu ochuluka pa nsanja imodzi, magetsi kuzima, zonsezo ndalama zitha kukonza. Koma pali malire ena oti ndalama sizigula. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, mafunde a wailesi chimodzimodzi poti ndi a banja limodzi, ndipo palibe uthenga womwe unapezekapo ukupitirira liwiro limeneli. Pansi pano sitimaliona chifukwa dziko ndi laling'ono, pa sekondi imodzi kuwala kutha kulizungulira kasanu ndi kawiri nkutsalako theka lina. Mlengalenga mitunda yake ndi ina.

Tiyambe ndi mwezi. Uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000, nde mawu amatenga sekondi imodzi ndi kachidutswa kuti akafike. Mukamvera matepi a anthu a Apollo aja anapita ku mwezi mu 1969, mumva kuti wina akafunsa pamadutsa kaye kachete pang'ono yankho lisanabwere, nthawi zina nkulankhulira pamodzi. Mtsikana wanuyo akanakhala ku mwezi bwenzi mutu wanu wachitatu uli bwinobwino, mwina mukanangoonjezera koti amadulana mawu mosafuna.

Koma Mars ndi nkhani ina. Iyo ndi dziko lathuli zonse zimazungulira dzuwa koma aliyense mnjira yake ndi liwiro lake, nde mtunda umasinthasintha. Ikayandikira kwambiri imakhala cha mma makilomita 56 miliyoni, uthenga umatenga mphindi zitatu. Ikakhala tsidya lina la dzuwa imafika makilomita 400 miliyoni, uthenga mphindi 22, kupita kokha kumeneko. Tayerekezani, mayi akhala pamphasa 6 koloko madzulo nkuti "waswera bwanji mwanawe". Mawu amenewo akafika ku Mars 6:22. Mwana ayankha pompo kuti ndaswera bwino kaya inu amayi. Yankho lifika ku Dedza 6:44. Nsima yaphikidwa, yadyedwa, mbale zatsukidwa, kamwana kagona kale, moni yekha asanathe.

Ndipo izi si zongowerengetsa papepala, a NASA amakhala nazo tsiku ndi tsiku. Mu August 2012 pomwe kagalimoto ka Curiosity kamatera pa Mars, kuchokera polowa mu mpweya wa kumeneko mpaka kugunda pansi zinali mphindi zisanu ndi ziwiri, pomwe uthenga umatenga mphindi pafupifupi 14 kufika kuno. Tanthauzo lake, nthawi yomwe anthu ku California amamva kuti kayamba kutsika, iko kanali katatera kale mphindi zisanu ndi ziwiri zapitazo, kamoyo kapena kophwanyika, iwo osadziwa, osathanso kuchitapo kanthu. Ana anga mkalasi ndikawauza zimenezi amakhala chete onse.

Palinso china choti chingakuthandizeni. Pafupifupi miyezi 26 iliyonse dzuwa limakhala pakati penipeni pa ife ndi Mars, ndipo limasokoneza mafunde, moti a NASA amasiya kutumiza malamulo ku zipangizo zawo kwa masabata ngati awiri. Zinachitika mu November 2023. Pa kontirakiti ya zaka zisanu ndi chimodzi mtsikana wanuyo akumana nazo kawiri kapena katatu, pokhapokha mutaika masetilaiti ena pambali oti azilandira uthenga nkuupatsira molambalala dzuwa, zomwe pofika 2190 ndi zomveka ndithu.

Za nyenyezi ina zija nde musayambe nkomwe kuganiza zocheza. Yapafupi kwambiri ndi dzuwa lathu ndi Proxima Centauri, kuwala kumatenga zaka zinayi ndi miyezi ngati itatu kukafika. Kamwana ka zaka zinayi kakafunsa funso lero, yankho lidzakapeza kali ndi zaka 12. Chombo cha Voyager 1 chomwe chinanyamuka mu 1977 ndi chinthu chopangidwa ndi anthu chomwe chili kutali kuposa china chilichonse, uthenga wake umatenga pafupifupi tsiku lathunthu, koma poyerekeza ndi ulendo wa ku nyenyezi chikadali pakhonde.

Nthanda:

Aphunzitsi atha za mtunda, ine ndilowe pa chithunzicho poti ndimagwira ntchito ya zowunikira ndi mapulojekita mmisonkhano nde funso limeneli makasitomala amandifunsa pafupipafupi, amabwera ndi kavidiyo pafoni nkumati tikufuna bwana atuluke chonchi pa siteji.

Achimwene Kalembera, munakhalapo mkhitchini ya udzu mmawa moto ukufuka? Padenga pakakhala kabowo mumaona kamzere ka dzuwa kakutsika mpaka pansi, koongoka ngati nsungwi, timafumbi tikuvina mkati mwake. Utsi ukatha kamzere kaja kamasowa, kamangotsala kadontho kowala pansi, chonsecho dzuwa likulowabe chimodzimodzi. Nkhani yonse ya hologram ya mmalere yagona pamenepo. Kuwala sikuima pakati panjira kokha, kumafuna chinthu choti kugunde nkubwerera mmaso mwanu, kaya utsi, nkhungu, fumbi, galasi, nsalu. Nde munthu wabuluu wa mfilimu uja woima mu mpweya wopanda kanthu, aliyense nkumamuona mbali zonse, ameneyo sanapangidwebe.

Zomwe anthu amazitcha hologram pa siteji zambiri si hologram nkomwe. Ija ya woimba malemu Tupac ku chikondwerero cha nyimbo cha Coachella mu 2012 yomwe inagwedeza intaneti inali njira yakale kwambiri yotchedwa Pepper's ghost, John Henry Pepper ankaionetsa ku London mu 1862. Umaika galasi kapena pulasitiki yoonekera mopendeketsa, chithunzi chowala chimabisidwa pansi kapena pamwamba, anthu amaona chinyezimiro chake ngati chaima kuseri. Mmene umadzionera pa windo la basi usiku mkati mukuyaka getsi, nkhope yako ikuyandama pamwamba pa minda ya kunja. Ukapita pambali pa siteji zonse zimaululika, ndi chithunzi chafulati.

Hologram yeniyeni anaitulukira Dennis Gabor, wa ku Hungary koma akugwira ntchito ku Britain, mu 1947, ndipo anadzalandira Nobel mu 1971. Inadikira laser yomwe inabwera mu 1960 kuti iyambe kuoneka bwino. Imeneyi imasunga mmene mafunde a kuwala amachokera pa chinthu, osati kuwala kwake kokha, nchifukwa chake ukasuntha mutu umaona mbali ina ya chinthucho. Kanjiwa konyezimira kaja ka pa khadi ya Visa ndi mtundu womwewo. Koma onani, kamakhala pa khadi, muyenera kuyang'ana pa khadipo, sikauluka kukaima pa tebulo.

Oyesa kujambula mu mpweya alipo. Ku Japan, pa yunivesite ya Tsukuba, mu 2015 anaonetsa timadontho towala mmalere pogwiritsa laser yothwanima mofulumira kwambiri yomwe imayatsa mpweya weniweniwo pa kamalo kakang'ono. Ku Brigham Young University ku America mu 2018 anagwira kafumbi kamodzi ndi laser nkumakayendetsa mwachangu akukaunikira, maso nkumaona ngati chithunzi, ngati mmene ana amazungulitsira chikuni cha moto usiku nkuoneka mkombero. Zonsezi tizithunzi take ndi tating'ono ngati nsonga ya chala. Koma kwa inu wolemba za 2190 apa nde pali poyambira, kambale kanu kaja kazitulutsa kankhungu kopyapyala kapena timafumbi, chithunzi chiziima mmenemo, munthu akadutsitsa dzanja chizibalalika kenako nkubwerera. Ine kamwana kaja ndikukaona kale kakuyesa kugwira nkhope ya mayi ake nkhope nkumwazika.

Njira ina yomwe yachitika kale ndi ya magalasi ovala. Mu October 2021 a NASA anatumiza dokotala wawo Josef Schmid ku International Space Station mwa njira imeneyi, makamera amamujambula pansi pano mbali zonse, woyenda mlengalenga Thomas Pesquet kumwambako atavala magalasi a HoloLens nkumamuona ngati ali naye mchipinda, akucheza. Zinatheka chifukwa siteshoniyo ili makilomita 400 okha pamwamba pathu, kufupi kuposa Blantyre ndi Mzuzu.

Bwande_wa_Zomba:

Koma akuluakulu mukuiwala quantum entanglement. Ine ndinaonera vidiyo ina yoti tinthu tiwiri tikalumikizidwa, olo kena ukapititse kumapeto kwa chilengedwe, ukakhudza aka kenako kamadziwa nthawi yomweyo. Nde aise ingolemba kuti kachipangizo kako kamayendera quantum basi nkhani yatha, mayi ndi mwana azicheza mmene ukufunira. Ma China anayesa kale pa setilaiti zinatheka.

Aphunzitsi_a_Fizikisi:

A Bwande, chinthucho chilipodi, simunapeke. Mu 2022 Nobel ya fizikisi inapita kwa Alain Aspect, John Clauser ndi Anton Zeilinger chifukwa cha zoyesa zawo pa nkhani yomweyi, ndipo setilaiti ya ku China ija ndi Micius, inakwera mu 2016, inagawa tinthu tolumikizana ku malo awiri otalikirana makilomita 1,200. Koma mavidiyo aja amadumpha mbali yofunika kwambiri.

Tiyerekeze muli ndi makobidi awiri odabwitsa, ina muli nayo inu ku Zomba ina ndili nayo ine ku Mars. Mukaponya yanu nkugwa mutu, yanganso ndikaponya igwa mutu, nthawi zonse zimagwirizana. Zodabwitsa ndithu. Koma inu simungasankhe kuti igwe mutu kapena tambala, imagwa mmene yafunira. Nde mundiuza bwanji kuti amayi adwala? Ine kuno ndikungoona mutu, tambala, tambala, mutu, zopanda tanthauzo, sindingadziwe nkomwe ngati inu mwaponya kale kapena ayi. Kuti tione kuti zikugwirizana mpaka mutanditumizira mndandanda wa zomwe mwapeza, pa wailesi wamba, mphindi 22 zomwe zija. Ntchito yake yeniyeni ndi yopanga makiyi obisira uthenga kuti wina asabe, osati kuuthamangitsa.

Tsono achimwene Kalembera, buku ndi lanu. Olemba ambiri a nkhani zotere amangopeka chipangizo chodumpha malire a kuwala, ena amati pali timabowo mlengalenga todutsira chidule, owerenga nkuvomera, palibe anamangidwapo. Mukasankha zimenezo ingoikani malamulo ake poyamba nkuwasunga mpaka kumapeto, zisakhale zoti lero chikugwira mawa chakana chifukwa choti nkhani yafuna choncho. Chokhacho musachitche quantum entanglement, chifukwa mwana wa fomu 3 mukumuopayo akadzafika ku koleji adzakutulukirani.

Kalembera92:

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri. Kunena zoona mtima watsika. Ndimafuna bukuli likhale lotsata sayansi yeniyeni, osati zamatsenga zovala jekete ya sayansi, nde njira yopeka chipangizo sindiitenga. Koma tsopano ndatsala ndi chani? Mayi ndi mwana oti sangathe olo kupatsana moni? Mutu wachisanu ndi chiwiri mayi aja amadwala kwambiri, ndipo ndinalemba kuti mwana amakhala nawo pa hologram usiku onse mpaka kutsanzikana. Kapena ndingomusamutsira ku mwezi mtsikanayu zithe?

NaPhiri_ku_Leeds:

Mwana wanga usamusamutse. Ndakhala ndikungowerenga osalankhula koma apa ndilankhule. Ine za fizikisi sindidziwa, ndine namwino, koma zomwe aphunzitsi akufotokozazi ine ndinakulira momwemo.

Bambo anga anapita ku Joni pa Wenela ine ndili wamng'ono. Kunalibe foni, kalata imatenga masabata. Ikafika mayi anga samadziwa kuwerenga nde amaitana mnyamata wina wa pasukulu, timakhala pansi pa mtengo wa mango tonse, iye nkumawerenga pang'onopang'ono akutsata ndi chala, mayi nkumayankha kalatayo mokweza ngati bambo ali pompo. Akawerenga kuti "kodi mbuzi ija inaswa" mayi amati inaswa kalekale ana awiri, wina anafa. Akawerenga kuti ndili bwino musadandaule mayi amati bodza, ndikukudziwani inu. Ikatha amati bwerezanso. Kenako amaipinda nkuisunga mu chitini cha masikono, ndipo masiku ena ndimawapeza aitulutsa angoigwira osaitsegula.

Kalata ina inafika bambo akufunsa za agogo, mayi awo, kuti chifuwa chija chili bwanji, auzeni ndatumiza bulangete ndi munthu. Agogowo tinali titaika mmanda masabata atatu apitawo, kalata yathu yowauza inali ikadali mnjira, zinaphonyana. Mnyamata uja anafika pa mzere umenewo nkuima, osadziwa kuti apitirize kapena ayi. Mayi anati werenga. Bulangetelo linafikadi patapita mwezi. Ndakalamba tsopano koma tsiku limenelo ndimalikumbuka mpaka fungo la mango owola pansi.

Nditabwera kuno zaka zoyamba kuimba foni kunali kodula kwambiri, nde ndinkajambula mawu pa kaseti nkupatsira munthu wopita kumudzi, ana anga ankaimvera mpaka tepi kutafunidwa. Olo lero mwana wanga wamkazi timatumizirana ma voice note kuposa kuimbirana, ine ndikutuluka ku ntchito ya usiku iye ali mtulo, ndimalankhula ndekha pa basi mphindi khumi, iye adzamvera akadzuka.

Nde iwe ukuti watsala ndi chani? Watsala ndi nkhani yathu yeniyeni. Mayi wa mbuku lakoyo ayatse kambale, mwana wake atuluke wathunthu pamphasa, alankhule zomwe analankhula mphindi 20 zapitazo, mayi azimuyankha ngati mmene mayi anga amayankhira kalata, akudziwa bwinobwino kuti sakumva. Ndipo usiku wa matenda uja, ganiza wekha, mtsikana ali ku Mars akuona mayi ake akupuma movutikira, akuwalankhula, koma akudziwa kuti amene akuwaonawo ndi a mphindi 20 zapitazo, mwina panopa kulibe. Ine ndakhala pambali pa bedi la anthu ambiri omwe ana awo anali pa ndege akubwera. Lemba zimenezo mwana wanga.

Nthanda:

Amayi NaPhiri mwandikhudza, ndinayamba ndaika foni pansi kaye.

Ndiwonjezere za kachipangizoko kuti achimwene akhale ndi pogwira. Kuchedwa ndi kwina, kuchuluka kwa data yomwe ingadutse ndi kwinanso, ndipo kwachiwiriku nde kukusintha msanga. Voyager 1 ija imatumiza ma bit 160 okha pa sekondi, ndi wailesi ya mphamvu ngati ya babu laling'ono, mawati 23, ndipo kuti aimve pamafunika madishi a mamita 70 a Deep Space Network omwe ali ku Goldstone ku California, kufupi ndi Madrid ndi kufupi ndi Canberra, anawamwaza choncho kuti dziko likamazungulira ina izikhala ikuyang'anabe. Chombo cha New Horizons chitadutsa pa Pluto mu July 2015 chinatenga kupitirira chaka kuti chimalize kutumiza zonse zomwe chinajambula. Pa liwiro limenelo hologram ya munthu wathunthu iwalani.

Koma tsopano ayamba kugwiritsa laser mmalo mwa wailesi. Chombo cha Psyche chinanyamuka mu October 2023 chitanyamula chipangizo choyesera, ndipo mu December chaka chomwecho chinatumiza kavidiyo ka masekondi 15 ka mphaka akuthamangitsa kadontho kofiira, kuchokera pa mtunda wa makilomita 31 miliyoni, pa liwiro la 267 Mbps, kuposa intaneti yomwe ambiri tili nayo mmanyumba. Anakalandirira pa telesikopu ya Hale ku Palomar. Koma onani, kanatengabe masekondi 101 kuti kafike. Paipi yakula koma madzi akuyenda liwiro lomwe lija. Vuto la laser ndi loti uyenera kulozetsa ndendende komanso mitambo imatchinga, nde mbuku lanu nyengo ya dzinja ku Dedza ndi nkhungu yake ija, uthenga uzitsikira kwina nkubwera pa waya, kapena uzilandiridwa ndi setilaiti kumwamba.

Mmene ine ndingapangire, kachipangizo kasamatumize munthu yense nthawi iliyonse. Asananyamuke amujambule kamodzi thupi lonse, chithunzicho chikhale mu kambale ka kumudzi, nde tsiku ndi tsiku kuzibwera mawu ndi kayendedwe kokha, mmene wapendeketsera mutu, mmene milomo yayendera, kambale nkumavalika zimenezo pa chithunzi chosungidwa chija. Bandulo yotchipa imeneyo, ya anthu a ku migodi. Mabwana okha ndi omwe angakwanitse yathunthu. Koma taonani zomwe zikutuluka pamenepo, mayi aziona mwana wawo ali wonenepa bwino ngati tsiku lomwe ananyamuka, zaka zinayi zadutsa, waonda, wavulala dzanja, iwo osadziwa. Nayenso mtsikana aziona kamwana kake kakadali ka zaka zinayi koma mawu akukula, mpaka atasunga ndalama zolipira kuti chithunzi chijambulidwenso.

Ndipo kampani ina mbukumo siingalephere kugulitsa chinthu china choopsa, kompyuta yomwe yaphunzira malankhulidwe a mtsikanayo nkumayankha mmalo mwake pompopompo podikira yankho lenileni. Mayi afunsa, ubwera liti, chithunzi chiyankha mokoma kuti posachedwa amayi. Patapita mphindi 40 yankho lenileni lifika, andiwonjezera zaka ziwiri. Ine chinthu chimenecho sindingachilole mnyumba mwa mayi anga, koma ndikudziwa anthu ambiri osungulumwa angachigule.

Za chombo chopita ku nyenyezi chija, kumeneko kulibenso kucheza, ndi makalata basi, hologram imodzi yaitali pa chaka, munthu kulankhula ndi mwana yemwe akudziwa kuti pomadzaiona adzakhala wamkulu.

Bwande_wa_Zomba:

Chabwino aphunzitsi ndagonja pa za makobidi zija, ndinali ndisanazimvepo choncho. Koma ine ndikanakondabe pakhale kena kake koti anthu azilankhulana pompo, olo kakhale kodula koti boma lokha ndi lomwe lili nako. Buku lopanda chozizwitsa olo chimodzi ine limandilemera. Komabe ndidzagula, lembani.

Kalembera92:

Amayi NaPhiri zikomo, sindikudziwa ndinene chani. Nkhani ya bulangete ija ndikupempha chilolezo ndiigwiritse ntchito mosintha, ngati simukufuna mundiuze ndisiya. Agogo anga aamuna nawonso anapita ku migodi koma sindinawafunsepo za makalata, mawa ndikupita kumudzi ndikawafunse agogo aakazi ngati anasungako ina.

Usiku wapitawu ndalembanso mutu wachitatu. Tsopano mayi amayala mphasa ziwiri, ina yawo ina ya kambale, amayatsa nthawi ya chakudya kuti azidya "limodzi", mwana amadya zake za ku Mars zomwe anadya mphindi 20 zapitazo, ndipo anagwirizana kuti aliyense akafunsa funso azisiya kampata kachete koti mnzake ayankhiremo olo sakumva. Kamwana kokha ndi komwe sikamvetsa, kamakwiya kuti amama sakundiyankha, kamamenya nkhungu ija ndi dzanja. Za kompyuta yoyankha mmalo mwa munthu zija a Nthanda ndazitenga, zilowa mutu wachisanu, amene akaigule ndi mlongo wake wa mtsikanayo poona mayi akuvutika.

Aphunzitsi, funso limodzi lotsiriza. Ndikufuna matenda a mayi aja agwe nthawi yomwe dzuwa latchinga, masabata awiri opanda uthenga aja. Ngati mtsikanayu wafika ku Mars nthawi yomwe ili pafupi ndi dziko lathu, papita miyezi ingati kuti kutchingako kuchitike koyamba? Ndikufuna ndiwerengetse bwino zaka za kamwana.

Aphunzitsi_a_Fizikisi:

Kuchokera pomwe Mars yayandikira kwambiri mpaka pomwe yabisala kuseri kwa dzuwa ndi theka la miyezi 26 ija, nde miyezi ngati 13. Koma kumbukirani kuti zombo zimanyamuka kuno Mars isanayandikire kwenikweni nkuyenda miyezi isanu ndi iwiri kapena kuposerapo, Perseverance inanyamuka July 2020 nkufika February 2021, ndipo dzuwa linatchinga October chaka chomwecho. Nde mukatsata ulendo ngati umenewo mpatseni miyezi isanu ndi itatu atafika, kwachiwiri muwonjezere miyezi 26. Kamwana kadzakhala ndi zaka zisanu koyambako, zisanu ndi ziwiri kachiwiri. Ine ndingasankhe kachiwiri, pa msinkhu umenewo kakutha kuyatsa kambale kokha.